KUCHOKERA KWA MPONDA: Kulera mwana si kumufufuta dzina

Amayi ndi abambo a mumsika, sabata ino ndiyambe ndakupatsani ntchito. Yang'anani mzere umene mwayala malonda anuwo, kuyambira kwa a usipa mpaka kwa a kaunjika, ndipo muwerenge kuti ndi angati amene pakhomo pawo pali mwana amene sanabereke okha. Zala za manja awiri sizikwana. Uyu akulera ana a malemu mchemwali wake. Uyo ali ndi zidzukulu zinayi zimene bambo wake anapita ku Joni osabwerako. Winayo anatola khanda la mnansi amene anatisiya pobereka.

Mukatha pamenepo muwafunse kuti ndi angati ali ndi chikalata cha boma chonena kuti mwanayo ali m'manja mwawo. Apo ndiye dzanja limodzi lokha likuchulukirani.

Nkhani yanga lero ndi imeneyi. M'dziko muno amene amalera ana amasiye ndi ena, amene malamulo amawadziwa ndi kuwatsegulira zitseko ndi enanso. Ndipo mukaonetsetsa, kusiyana kwa magulu awiriwa kuli pa khungu, pa chikwama ndi pa chiyankhulo.

ZA MADONNA

Tiyambe ndi nkhani imene aliyense anaimva, ngakhale amene nyuzipepala amangokulungira mandasi. Mu October 2006 woimba wa ku America uja, Madonna, anatera pa bwalo la ndege ku Lilongwe. Sipanathe sabata ziwiri, bwalo lalikulu la milandu linapatsa iye ndi mwamuna wake wa nthawiyo, Guy Ritchie, chilolezo choyembekezera chotenga David Banda, kamwana ka chaka chimodzi ndi mwezi umodzi ka ku malo osungirako ana a Home of Hope ku Mchinji. Patangopita masiku owerengeka mwana anali m'ndege, ulendo wa ku London.

Pamenepo nkuti alendo ena ofuna kutenga mwana amauzidwa kuti ayambe akhala m'dziko muno chaka ndi theka kapena zaka ziwiri, a boma akuona m'mene akumulerera. Kwa Madonna miyezi 18 yoyesedwayo inakathera ku London komweko. Mabungwe omenyera ufulu wa anthu oposa 60, pansi pa Human Rights Consultative Committee, anathamangira kukhoti kukadandaula. Sizinathandize. Mu May 2008 jaji Andrew Nyirenda anatsindika kuti mwana ndi wa Madonna, nkhani yatha.

Mu 2009 mayiyu anabweranso, ulendo uno kudzafuna Chifundo James, amene dziko lonse limamudziwa kuti Mercy, wa ku malo a ana a Kondanani kufupi ndi Blantyre. Pa 3 April jaji Esme Chombo anakana. Anati lamulo likufuna munthu wokhala m'dziko muno, ndipo anachenjeza kuti chitseko chikatsegukira aliyense wotera ndi ndege, tsiku lina adzalowerapo ochita malonda a ana. Koma pa 12 June chaka chomwecho bwalo la apilo, motsogozedwa ndi mkulu wa majaji Lovemore Munlo, linatembenuza chigamulocho. Linati mawu oti kukhala m'dziko asamatanthauziridwe mwachikale, ndipo munthu amene akuthandiza ana ambiri kuno kudzera m'bungwe lake la Raising Malawi sangatchedwe mlendo wongodutsa. Mu February 2017 jaji Fiona Mwale analolanso kuti atenge mapasa, Estere ndi Stella, a zaka zinayi, a ku Home of Hope komwe kuja. Ana anayi.

Ine mayiyu sindikudana naye ayi. Amene anagonekapo mwana ku Gulupu akudziwa chipatala cha maopaleshoni a ana cha Mercy James chimene chinatsegulidwa mu July 2017, ndipo ndalama zake sizinachokere mumsika muno. Anawonso sanagone ndi njala. Zabwino tizinena kuti ndi zabwino.

Koma tangoganizani izi. Mayi wa pa Mpondasi, wochita bwino ndithu, wa maboti atatu ndi golosale yake, wakwera ndege wakatera ku London. Wafika pa nyumba ya ana amasiye, waloza kamwana kachizungu, ati aka ndikupita nako ku Mangochi kakakule ndi nsima ya chambo. Inu mukuona ngati pakatha sabata ziwiri angakhale ali pa Chileka ndi mwana kumbuyo? Viza yeniyeniyo angaipeze? Madzi a mu Shire amachoka m'nyanja kutsikira ku Liwonde, sabwerera. Ana nawonso amayenda chomwecho: kuchoka kwa akuda kupita kwa oyera, kuchoka kwa osauka kupita kwa olemera.

Inu a mumsika mumaidziwa sikelo yopinda. Mukaiona simufunsa kawiri.

LIWU LIMENE TILIBE

Pali chinthu china chimene chinabisika m'phokoso lija. David sanali wamasiye wa mbali zonse. Mayi ake anamwalira iye atangobadwa, koma bambo ake analipo, mlimi wa kumudzi ku Mchinji, amene anakamusiya ku Home of Hope kamba ka umphawi. Manyuzipepala a nthawiyo analemba kuti bamboyo nthawi ina ananena kuti sanamvetse kuti mwana akupitiratu, ngakhale pambuyo pake anadzati wavomera. Bambo wa mapasa aja nayenso anali moyo.

Ine sindidabwa kuti munthu wa kumudzi asokonezeke, chifukwa chimene azungu amachitcha adoption ife tilibe liwu lake. Ife timadziwa kulera. Mwana amapita kwa amalume ake ku Ndirande kukaphunzira, amakula, tchuthi amabwera kumudzi, amadziwa pamene pali manda a amake. Dzina silisintha, mfunda susintha. Wolera amadziwa kuti mwana ali ndi eni ake, ndipo tsiku la ukwati eni akewo adzafunsidwa.

Za pa pepala ndi zina. Lamulo limene majaji anagwiritsa ntchito pa milandu yonse itatu ya Madonna ndi la 1949, nthawi ya atsamunda, dziko lino likadali Nyasaland, Kamuzu asanabwereko n'komwe. Pa lamulo limenelo jaji akangosaina, kholo lobereka limasanduka munthu wamba kwa mwana wake yemwe. Silingamuitanitse, silingamuletse kanthu, lilibe mawu pa dzina lake kapena chipembedzo chake. Ndiye womasulira akaima pakati nkuuza munthu wosapita kusukulu kuti azunguwa akufuna "kumulera" mwana wanu, munthuyo amva chiyani? Amva za Ndirande zija. Adinda chala akuganiza kuti mwana adzabwera ali dokotala.

SI KUNO KOKHA

Wina ati mnyamata iwe wangodana ndi azungu. Ayi ndithu. Pitani kwawo komweko mukaone kuti nkhani ya khungu pa ana a anthu osauka inawasautsa bwanji.

Ku America, mwa ana 100 alionse, akuda ndi pafupifupi 14. Koma mwa ana 100 amene boma linawachotsa kwa makolo awo nkukawasungitsa kwa anthu ena, akuda amapitirira 20, ndipo ndi amene amadikira nthawi yaitali kuti apeze banja lowatenga. Ndiye onani zodabwitsa: mwana wakuda wa ku Mchinji anachita kumukwerera ndege, pamene mwana wakuda wa ku Detroit, kufupi ndi kwawo kwa Madonna, akudikira pa mzere.

Eni nthaka a ku America komweko, aja m'mavidiyo a makaubowi amawaonetsa atavala nthenga kumutu, anaona zoopsa kuposa apa. Kafukufuku asanafike 1978 anapeza kuti mwana wawo mmodzi mwa atatu kapena anayi alionse anachotsedwa pakhomo, ambiri nkuperekedwa ku mabanja ndi masukulu a azungu. Ati makolo ndi osauka, ati agogo sangalere mwana. Mu 1978 nyumba ya malamulo ya kumeneko inakhazikitsa lamulo loti mwana wotere ayambe wafunidwira malo kwa abale ake ndi anthu a mtundu wake. Ena analitsutsa mpaka ku khoti lalikulu la dzikolo, koma mu June 2023 khotilo linati lamulolo likhale.

Ku Australia boma ndi mamishoni ankalanda ana a anthu akuda a kumeneko, ma Aborigine, makamaka ana a magazi osakaniza, kuyambira cha mu 1910 mpaka cha mu 1970. Cholinga chinali choti aiwale chiyankhulo ndi mtundu wawo. Mu February 2008 nduna yaikulu Kevin Rudd anaima m'nyumba ya malamulo kupepesa, ana ambiri aja ali nkhalamba, ena atapita kale osaonananso ndi amayi awo.

Kuno ku Africa, mu October 2007 apolisi a ku Chad anagwira anthu a bungwe lina la ku France ali pafupi kukweza m'ndege ana 103, ati ndi amasiye a nkhondo ya ku Darfur. Atafufuza anapeza kuti ambiri anali a ku Chad komweko ndipo makolo awo analipo. Ethiopia, amene anatumiza ana zikwizikwi kunja, mu January 2018 anatseka chitseko chimenechi ndi lamulo.

Onsewa ankati akuthandiza. Palibe amene anabwera nkunena kuti ndabwera kudzaba ana. Ndiye mtima wabwino wokha si umboni wokwanira.

MNYAMATA WA 1866

Ife a kwa Mponda nkhaniyi tinaiona kale, agogo a agogo athu ali moyo. Mu July 1861 David Livingstone ndi bishopu Charles Mackenzie anamasula gulu la akapolo pa mudzi wa Mbame, kufupi ndi kumene lero kuli Blantyre. Mwa omasulidwawo, ndi ena amene anamasulidwa masiku otsatira, munali tianyamata tambiri. Awiri mwa iwo, Chuma ndi Wikatani, anali Ayao. Anayamba aleredwa ndi amishoni a ku Magomero, kenaka mu 1864 Livingstone anapita nawo ku Bombay ku India nkukawasiya pasukulu. Anaphunzira kuwerenga, anaphunzira Chingerezi, anavala malaya.

Mu 1866 Livingstone anawatenganso pa ulendo wake womaliza. Mu September chaka chimenecho anafika pano pa mudzi wa Mponda. Pamenepo Wikatani anauza bwana wake kuti wakumana ndi mbale wake, ndipo wamva kuti abale ena alipo chakuno. Anapempha kuti atsale. Livingstone anamulola. Chuma anapitirira, ndipo ndi mmodzi mwa amene ananyamula mtembo wa Livingstone kuchokera kwa Chitambo mu 1873 mpaka kugombe la nyanja ya mchere.

Tisabise, kwa Mponda nthawi imeneyo sikunali kwa mtendere. Panali podutsa magulu a akapolo opita kugombe, mpaka Harry Johnston anadzamanga linga lake tsidya la Shire mu 1891, Fort Johnston amene lero ndi Mangochi. Mnyamata amene anagulitsidwapo kale ankadziwa zonsezi. Anali ataona Bombay, anali ndi malipiro, anali ndi chitetezo cha mzungu wodziwika. Koma atangomva kuti pali wa magazi ake, anatula katundu. Akulu anati chibale ndi fupa, sichiola. Amene mumati mwana akakhuta ndiye kuti zonse zatha, kumbukirani mnyamata ameneyu.

MWANA WOSAMVA AGOGO AKE

Ana opita kunja ndi ochepa. Ambiri amapita pafupi pompa, ku malo osungirako ana amene anachuluka m'dziko muno Edzi itayamba kudula anthu m'zaka za m'ma 1990, mankhwala aulere otalikitsa moyo asanabwere mu 2004. Ambiri mwa malowa ndalama zake zimachokera kunja, ku matchalitchi ndi kwa anthu akufuna kwabwino, ena ku mabungwe a Chisilamu.

Boma la Mangochi lili ndi anthu oposa 1 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo ambiri ndi Ayao, Asilamu. Tsono tengani kamwana ka zaka ziwiri ka ku Makanjira kapena ku Namwera, mukaike pa malo pamene olera onse amayankhula Chichewa ndi Chingerezi, mapemphero ndi a mpingo wa amene akutumiza ndalama. Pakatha zaka 15 mukabweze kumudzi. Agogo ati ajimwiche uli, mwana angoyang'ana. Mumzikiti sadziwa poima. Anzake anapita ku jando kapena ku nsondo, iye ayi. Munda sanagawiridwe chifukwa pogawa kunalibe. Ndi mlendo kwawo, ndipo ku malo kuja akuti wakula, apereke bedi kwa wina. Ndinenenso kuti mwana wa Mkhristu wa ku Malindi woleredwa pa malo a chipembedzo china, nkubwerako ndi dzina lina, vuto lake ndi lomweli.

Ayao akudziwa kuwawa kwa kufufutidwa chiyankhulo. Kuchokera mu 1968 wailesi ya boma inkangoyankhula Chichewa ndi Chingerezi, mpaka matipate atabwera ndi pamene tinamvanso nkhani m'Chiyao. Chimene tinachikana pa wailesi tisachilole pa mwana.

Izi sindikuzipeka ine. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, limene Malawi analivomereza mu 1991, limanena m'ndime 20 kuti pofunira mwana malo, aganizire mtundu wake, chipembedzo chake, chikhalidwe chake ndi chiyankhulo chake. Ndime yomweyo imatchulanso kafala, njira ya Chisilamu imene ashehe athu amaphunzitsa: mwana wamasiye umulere, umudyetse, umuphunzitse ngati wako, koma dzina la bambo ake usalichotse ndipo chuma chake usachidye. Pangano la maiko a mu Africa la 1990 limati kutumiza mwana kunja kukhale kotsiriza, njira zonse za kwawo zitakanika.

Ndipo njira zake zilipo, zinayesedwa pompano. A Malawi Children's Village, pa msewu wa ku Monkey Bay, anayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi nzeru yoti mwana akhale m'mudzi mwake kwa abale ake, thandizo lizimupeza komweko. A Open Arms, amene anayamba ku Blantyre mu 1995 nkudzatsegula nyumba ina kuno ku Mangochi, anayamba ndi nzeru yolandira makanda pa nthawi yovuta ija yosowa bere, akafika zaka ziwiri nkuwabwezera kwa abale. Nawonso Mtukula Pakhomo anayambira ku Mchinji mu 2006, boma lomwe lija, chaka chomwe chija David anakwera ndege. Ndalama zodyetsera mwana mmodzi pa malo osungirako ana zingathandize gogo kusunga zidzukulu zingapo pakhomo. Koma gogo wa ku Katuli alibe kamera, alibe Facebook, sadziwa kulemba kalata yopempha thandizo m'Chingerezi. Chithunzi cha ana ovala yunifolomu akuimbira mlendo ndiye chimakoka ndalama.

TSANKHO LATHU LOMWE

Tsopano tisiye azungu apume. Tiyang'ane m'nyumba mwathu, chifukwa nafenso timasankha, ndipo kusankha kwathu kumapweteka kwambiri poti kumachitikira pa maliro, mwana akumva.

Kuno kunyanja kumabwera anthu a mitundu yonse. Asodzi a ku Nkhata Bay, aphunzitsi a ku Rumphi, apolisi a ku Nsanje, ogula nsomba a ku Ntcheu, abale athu a ku Mandimba odutsira pa Chiponde. Anthu amakondana, amakwatirana, amabereka. Kwa Ayao ndi Achewa mwana ndi wa kuchikazi, mwini wake ndi amalume, mwini mbumba. Kwa Atumbuka, Angoni a ku Mzimba ndi Asena mwana ndi wa kuchimuna. Ndiye tengani bambo Myao, mayi Mtumbuka, onse amwalira. A kuchimuna ati kwathu kuno mwana ndi wa kwa amake, mutengeni. A kuchikazi ati kwathu mwana ndi wa kwa bambo ake, ndiponso malowolo sanaperekedwe. Mwana ali pakati, chikwama cha pulasitiki m'manja. Aliyense akutchula mwambo, palibe akutchula mwana.

Koma pakhale boti la injini, ukonde wa chilimira, nyumba ya malata ndi ndalama za ku Joni. Mwambo uja umasintha pompo. Onse awiri amafuna mwanayo, mpaka katundu atagawidwa. Akatha katundu, mwana wayamba kudya kwambiri.

Timasankhanso pa chipembedzo. Mwana wa mlongo wathu amene anakwatiwa ndi wa chipembedzo china timamulandira ndi mawu oti asinthe dzina kaye. Timasankha pa khungu: khanda loyera, la tsitsi lofewa, la mlendo wina amene anadutsa ku Cape Maclear, aliyense afuna alinyamule, pamene khanda lachialubino abale amakankhirana, ena poopa zoopsa zimene zinabuka kuyambira cha mu 2014 m'maboma athu ano, ena kamba ka zikhulupiriro zopanda mutu. Mwana wolumala, mwana amene makolo ake anapita ndi matenda aja, amakhala womaliza kutengedwa.

Ndipo timasankha pofuna wantchito. Msungwana wa zaka khumi amalimbiranidwa, osati chifukwa cha chikondi. Ndi amene mumamuona m'bandakucha ndi ndowa pamutu, masana ndi beseni la zitumbuwa pa depoti, ana a mwini nyumba ali m'kalasi. Ena mwa ife tikuwerenga nkhani ino ali pambali pathu akutiyang'anira malonda. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe, timatero pakamwa. Ngati ndi wako yemwe, bwanji yunifolomu munagulira anu okha?

Mzungu akatenga mwana wathu timakuwa kuti watichotsera ulemu. Koma mzunguyo amapeza mwana pa malo osungirako ana chifukwa ife tinakamusiya pamenepo, ena chifukwa cha umphawi weniweni, ena chifukwa tinati si wa mtundu wathu.

TICHITE CHIYANI?

Sindine loya, koma izi ndi zoti aliyense angathe.

Choyamba, mwana amene mukumulera akhale ndi chikalata chake chobadwira, cholembedwa dzina lake lenileni ndi maina a makolo ake omubereka. Mwana wopanda chikalata ndi wosavuta kumusowetsa, kumusintha zaka ndi kumukwatitsa.

Chachiwiri, pitani ku ofesi ya za chisamaliro cha anthu kwa DC mukalembetse kuti mwanayo ali kwa inu. Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana limazindikira munthu wolera mwana wa ena popanda kumulanda dzina kapena abale. Tikamalembetsa ambiri, boma lidzasowa ponamizira kuti Amalawi safuna kulera ana. Pakali pano ntchito yonse imene agogo akugwira m'midzimu sioneka m'mabuku, ndiye wobwera ndi loya amaoneka ngati ndi yekhayo wachifundo.

Chachitatu, wina akabwera ndi galimoto yoyera ndi pepala, kaya ndi mzungu, kaya ndi m'busa, kaya ndi shehe, musadinde chala tsiku lomwelo. Itanani mwini mbumba, itanani amfumu, pezani wowerenga wanu amene sali mbali ya alendowo. Mufunse m'chiyankhulo chanu: mwana adzabwera liti? Dzina likhala lomweli? Azipemphera kuti? Ndikamufuna ndikamupeza kuti? Ndikasintha maganizo mudzandibwezera? Akayamba kuzungulira kapena kukufulumizitsani, pindani mkeka. Ndipo dziwani kuti mwana saperekedwa pansi pa mtengo: wopereka mwana mpaka kalekale ndi khoti lokha.

Chachinayi, inu a mabizinesi, lembani wilo mukadali moyo. Kulemba wilo sikuitana imfa. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limati kulanda katundu wa ana ndi mayi wamasiye ndi mlandu, koma lamulo limagwira bwino pamene mwini wake anasiya mawu. Makamaka inu amene munakwatira mtundu wina, nenani lero kuti ana adzakhala ndi ndani, mbali zonse ziwiri zimve.

Chachisanu, m'makomiti a mumsika ndi m'mabanki a m'khonde timasonkha za maliro mosavuta. Bokosi, nsalu, ufa, galimoto, zonse zimapezeka tsiku limodzi. Bwanji osaika kathumba kena ka amoyo otsala, ka makope ndi yunifolomu za ana amene anzathu akulera? Kumzikiti ndi kutchalitchi chimodzimodzi: sadaka ndi chopereka zifike kwa gogo, mwana asachite kuchoka pakhomo kuti adye.

Chotsiriza, aphungu ndi makhansala akabwera ndi misonkhano yawo, pakati pa mafunso a feteleza ndi mabowo muikepo ili: kodi mayi wogulitsa utaka amene akufuna kutenga mwana wamasiye mwalamulo ayende bwanji osagulitsa mpamba wake kulipira loya? Nanga pepala la kukhoti lidzalembedwa liti m'Chichewa ndi m'Chiyao kuti wodinda chala adziwe chimene akudinda? Akayankha ndi nthabwala, muwakumbukire tsiku la voti.

Ine sindikuti mwana afe ndi njala chifukwa choteteza mfunda. Pamene palibe mbale, palibe mnansi, palibe Mmalawi womufuna, apite ndithu kwa womukonda, kaya ndi woyera kaya ndi wakuda, kaya ndi wa ku London kaya ndi wa ku Karonga. Koma apite ndi dzina lake, adziwe mudzi wake, ndipo njira yobwerera isatsekedwe. Ndipo malamulo amene angamufewere mlendo wa ndege amufewerenso mayi wa pa Mpondasi, amene wakhala akulera ana a eni kuyambira kalekale popanda womujambula.

Amene muli ndi maganizo, makamaka inu amene munaleredwa ndi ena, lembani kudzera kwa akonzi. Sabata yamawa, Mulungu akalola, tidzakamba za ana amene akugona m'makhonde a masitolo pa Mangochi boma.